Kazenera ka Kuseri kwa Butchala

Ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi ana, pa sukulu ya madzulo, dziko litalandira kale ufulu. N'chifukwa chake zilembo zanga zimayenda ngati munthu wosenza thumba la chimanga. Komabe zimafika kumene zikupita. Zimene ndikulemba panozi zinachitika ku Chipata kuno m'zaka zija boma litangosintha, salaula, zovala zakale zija zochokera kunja, itadzaza msika wa Kapata, anthu akuchotsedwa ntchito m'makampani a boma.

Kunamveka kuti ku Lusaka kuli ofesi yoyang'anira zinthu zakale, ndipo itumiza munthu kudzaona nyumba zakale za m'tauni mwathu. Nyumba imene munthuyo angaivomereze, boma liziiteteza. Palibe woigwetsa, palibe woisintha, ndipo adzakhomapo chikwangwani. Akuluakulu a m'tauni anapanga komiti yokonzekera mlendoyo. Ine anandiikamo chifukwa cha imvi basi. Ankafuna munthu wokumbukira nthawi imene Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ndipo anzanga ambiri anali atagona kale kumanda.

Wapampando wathu anali kalaliki wakale wa kuboma, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Munalinso mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, mwana wa kumishoni. Atate ake anali aphunzitsi, agogo akenso chimodzimodzi. Theka la tauni linadutsa m'manja mwake, ndipo akalankhula, ngakhale amuna andevu ankakonza makolala. Ena a m'komitimo sindiwatchula, chifukwa ntchito yawo inali kugwedeza mitu.

Pa nyumba zimene anasankha panali butchala yakale ya mzungu. Nyama inaleka kale kugulitsidwamo. Nthawi imeneyo munali wamalonda wina wogulitsa feteleza, mbewu ndi zipangizo za njinga. Kumaso kwake kuli khonde lalikulu la nsanamira zonenepa ndi chitseko cha matabwa olemera, ndipo n'zimene komiti inakonda. Koma kuseri, m'kanjira kamene kamatsata ngalande, muli kazenera kakang'ono kopanda galasi, kotsika, kofika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Ana a masiku ano sadziwa ntchito ya kazenerako. Nthawi ya azungu, munthu wakuda sankalowa pakhomo la butchala. Mzungu ankalowa, n'kuloza nyama imene wafuna, n'kuiona ikuyezedwa pasikelo. Ife tinkazungulira kuseri, kuima pamzere m'mbali mwa ngalande, kuwerama, kulowetsa dzanja. Sunkasankha. Unkalandira phukusi lokulunga m'nyuzipepala, n'kukalimasulira kunyumba. Mwina mafupa, mwina mafuta, mwina nyama yogona imene yayamba kale kusintha mtundu.

Ndalemba kuti "ife", koma ndikonze. Ine sindinaimepo pamzerewo. Ndinalowa ntchito m'butchalamo ndili mnyamata, ndipo amene ankaima mkati mwa kazenerako, kukulunga maphukusi aja, ndinali ine. Tauni yonse ya akuluakulu imadziwa zimenezi. Pali zina za masiku amenewo zimene sindilemba pano. Ndimagona nazo, ndimadzuka nazo, ndipo ndi katundu wanga.

Tsono kwathu kuno kuli chizolowezi. Kukamabwera nduna kapena mlendo aliyense wa galimoto ya boma, timapaka laimu. Miyala ya m'mbali mwa msewu imayera, mitengo imavala zoyera mpaka m'chiuno, ngakhale chitsa chimene palibe anachifunsa chimapakidwa. Choncho pamsonkhano woyamba nkhani inali imodzi: laimu tiupeza kuti, apake ndani. Palibe anafunsa ngati munthu wofuna zinthu zakale angakonde kuziona zitaoneka zatsopano. Inenso sindinafunse. Ndinagwedeza mutu ngati anzanga.

Kenaka wapampando anati, "Ndipo chibowo chija cha kuseri kwa butchala titseke ndi njerwa. Chikunyansitsa nyumba. Mlendo salandiridwa pabwalo losasesa."

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Bambo wapampando, chimene mukuti chibowocho ndiye nyumbayo."

"Madala, nyumba ndi khonde lija. Nsanamira zija simungazipeze kwina kulikonse kuno kummawa."

"Pakhonde paja pankakhala agalu a azungu. Anthu anu ankaima kuseri. Mukufuna boma lisunge malo a agalu, a anthu litseke?"

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Wapampando anakonza tayi.

"Tikufuna tauni yathu ilemekezeke, osati tikaonetse mlendo zilonda."

Pamenepo aphunzitsi aja analankhula, osakweza mawu. Sanayang'ane wapampando, anayang'ana ine.

"Chitsekedwe. Amayi anga ankawerenga Chingelezi kuposa mkazi wa mzungu uja. Ankavala bwino, n'kukawerama pa chibowo chimenecho ngati mbuzi yomwa madzi. Ine ndili pambali, nditagwira chitenje chawo. Mpaka lero ndikafuna kupita ku positi ndimazungulira njira ina. Inu, bambo, mukuchikonda chifukwa munali mkati, pamthunzi. Ife tinali kunja."

 Sananame. Anavota, ndipo dzanja lokana linali langa lokha.

Nditafika kunyumba ku Kapata ndinawafotokozera amayi a kunyumba, mkazi wanga, amene anandipirira zaka zonsezi. Anali kusankha nyemba m'lichero, ndipo sanadzutse mutu.

"Inu, anthu akufuna kukukwiririrani manyazi anu ndi simenti yawo yomwe, inu mukukana?"

"Si manyazi anga okha."

"Nanga a ndani? Mzungu uja anapita kalekale. Watsala ndinu. Akatseka, adzukulu anu sadzafunsa kuti agogo ankatani pamenepo."

"N'chimene ndikukana. Akatseka, pakapita zaka adzati sizinachitike. Adzati okalamba ankakokomeza."

"Mutu wanuwu," anatero, "anauumba ndi dothi la pachulu."

Ankanena zoona kuti kutsekako kukanandipepukitsa. Ndinaganizapo masiku angapo. Munthu ukakalamba umafuna anthu aiwale zina. Koma ndinkati ndikatseka maso, ndinkaona manja aja akulowa pa kazenera, manja okhaokha opanda nkhope: a amayi, a makuku ophikira azungu, a ana otumidwa. Anthu amenewo analibe nyumba ya nsanamira yoti boma liikepo chikwangwani. Nyumba zawo za udzu zinagwa kalekale. Chimene chinatsala chosonyeza kuti anakhalako, n'kupirira zimene anapirira, chinali chibowo chimenecho.

Sabata yoti mlendo abwera, tauni inayera ngati manda a mishoni. Butchala anaipaka laimu kuyambira pansi mpaka kudenga, njerwa zake zofiira zija zonse zinabisika. M'mawa wina ndinamva kuti mmisiri wayamba ntchito kuseri. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita.

Ndinapeza atakanda kale simenti, njerwa zili mulu pambali.  Ndinazungulira kumaso, ndinalowa pakhomo, ndinapereka moni kwa mwini sitolo. Iye nkhani za komiti sizinkamukhudza, bola feteleza wake asanyowe.

"Agogo, mukufuna chiyani kuseri kwa matumbako?"

"Ndikukaona malo anga akale, mwanangu."

Ndinasuntha matumba, ndinaima pamene ndinkaima kale. Miyendo inapadziwa yokha. Pansi pali pokumbika pang'ono, pamene mapazi anga anadya simenti. Mmisiri anali ataika kale mzere woyamba wa njerwa. Ndinaika chikhatho pa njerwa yapakati, ndinakankha. Inagwera kunja, thi, m'ngalande.

"Ah! Ndani ameneyo?"

Anawerama n'kusuzumira. Tinayang'anana.

"Madala, mwapenga?"

"Pitirizani ntchito yanu, bambo. Inenso ndili pa yanga."

Anaika ina. Ndinadikira aisalaze bwinobwino ndi chipande chake, ndipo ndinaikankha. Anaika ina, ndinakankha. Simenti yaiwisi ilibe mphamvu, ngakhale nkhalamba imaigonjetsa. Anayesa kuigwirizira ndi bondo, ine ndinakankha ya pambali pake. Anatukwana mawu amene sindingalembe.

Anthu anayamba kusonkhana. Anyamata a njinga zonyamula anthu anaimika njinga zawo, amayi ogulitsa nthochi anatula madengu.

"Limbani, agogo! Chigoli china!"

"Amisiri, mwagonja ndi munthu wopanda mano!"

"Musiyeni, mwina anakwiriramo chuma chake!"

Mayi wina wachikulire wochokera ku komboni ya Nabvutika, amene ndinamuzindikira mawu, anati, "Ameneyo? Ankatiponyera mafupa pamenepo. Lero wasanduka mlonda wake?" Anthu anaseka kwambiri. Ndinakankha njerwa ina.

Wapampando anafika thukuta lili kamukamu. Anawerama pa kazenera, tayi ikulendewera m'simenti.

"Madala, tulukani. Komiti inagamula. Ndiitana apolisi."

"Aitaneni. Mukawauze kuti mwagwira nkhalamba ikuletsa anthu kuwononga nyumba yakale, sabata yomwe boma likubwera kudzateteza nyumba zakale. Ndikafotokoza ndekha kukhoti."

"Mukutichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

"Bambo, taonani mmene mwaweramiramo. Atate anu ankawerama choncho. Mwamva msana?"

Anadzuka msangamsanga ngati walumidwa ndi linthumbu. Anayamba kupukuta simenti pa tayi yake.

Kenaka phokoso la kunja linatsika, ndipo ndinadziwa kuti afika aphunzitsi. Iwo sanawerame. Ndinkangoona nsapato zawo zakuda ndi m'mphepete mwa diresi.

"Tulukani m'menemo, bambo," anatero. "Mwakhalamo mokwanira."

Wapampando sindinamumvere, koma iwo ndinawamvera. Ndinatuluka, ndinazungulira, ndinaima pamaso pawo manja ali simenti yokhayokha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankayang'anira ana ochedwa.

"Mukufuna chiyani kwenikweni? Kuti anthu akutamandeni?"

"Ayi, mayi. Mwamva nokha mmene akunditamandira."

"Nanga?"

"Ndikufuna mwana wa mdzukulu wanu akadzamva kuti agogo ake ankagulira nyama pa chibowo, adzathe kubwera n'kuchigwira ndi dzanja. Mukatseka lero, mawa ndikankhanso. Simenti ikauma ndibwera ndi nyundo. Mundimange, koma ndikatuluka ndibweranso."

 Mmisiri anali atakhala pa mulu wa njerwa, akupukuta nkhope.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Chisatsekedwe mpaka mlendo achione, agamule yekha. Koma tsiku limenelo inu mudzaima kunja kuno, m'ngalande. Mkati mudzakhala ine."

Wapampando anayamba kunena za chigamulo cha komiti. Aphunzitsi anangomutembenukira, ndipo iye analekera pomwepo. Nayenso anali mwana wawo wasukulu.

Mlendo anafika pa galimoto ya boma yodzaza fumbi. Tinkayembekeza bambo wamimba, koma anatsika mtsikana wovala buluku, kamera ili pakhosi. Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka, chosakaniza. Anaima kutsogolo kwa butchala, anayang'ana khoma loyera lija, n'kulikanda ndi chikhadabo. Laimu anagwa, njerwa yofiira inaonekera.

"Mwapaka liti?"

"Sabata yomwe ino, mayi," anatero wapampando monyadira. "Nyumba zonse. Ulemu wanu."

Mtsikanayo anatseka maso pang'ono, anapuma mozama.

"Zikomo, atate. Koma tikavomereza nyumbayi, laimu ameneyu adzachoke. Ife timafuna kuiona mmene inalili."

Palibe anayang'ana mnzake. Tonse tinapaka nawo, ena ndi manja, ena ndi mitu yathu yogwedeza ija.

Anajambula khonde, anayeza nsanamira, analemba m'buku lake. Wapampando ankafuna kumutengera msanga ku nyumba ina, chifukwa masana mlendoyo ankayenera kupitanso ku Mtenguleni. Koma aphunzitsi anati, "Mwana wanga, bwera kuseri kuno kaye." Iwo analowa m'sitolo. Ine ndinatsogolera mlendo m'kanjira kaja, komiti ndi anthu ena akutitsatira.

Ndinatsikira m'ngalande. Zaka zonse zija ndinali ndisanaimepo pamenepo. Dzuwa limamenya khomalo n'kubwerera kumaso. Fungo la ngalande limakwera. Ndinawerama, mawondo akulira, ndipo ndinaona chimene anthu aja ankaona: mdima, ndi manja awiri. Nkhope ya munthu wamkati siioneka. Ndinalowetsa dzanja langa.

Mawu anatuluka mkatimo, okalipa, osakhala ngati a aphunzitsi.

"Fulumira, iwe! Ulibe maso? Tenga, choka! Ukufuna kusankha, ndiwe dona? Wotsatira!"

Anakankha dzanja langa ndi kuseri kwa chikhatho chawo. Sanawonjezere kanthu, sanachotsepo kanthu. Ngakhale kakwezedwe ka mawu pa "wotsatira" kanali komweko. Kamtsikana kogwira chitenje cha amayi ake kanasunga zonsezo zaka makumi angapo.

Anthu sanaseke. Ndinakhala chiweramire, chifukwa msana unakana kudzuka msanga, ndiponso chifukwa sindinafune aone nkhope yanga. Mlendo anali atasiya kujambula.

"Ankalankhula choncho ndani?" anafunsa. "Mzunguyo?"

"Mzungu sankabwera kuseri kuno," anayankha aphunzitsi ali mkati. "Afunse bambo ali pamaso pakowo."

Ndinadzuka pang'onopang'ono, nditagwira khoma. Laimu anandimata m'manja. Mtsikanayo ankandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba, ndipo anthu onse ankadikira kuti nkhalamba igwade, ilire, ipemphe chikhululukiro pamsewu kuti akhale ndi nkhani yokakamba kumsika.

"Mayi," ndinatero, "mwamva ndi makutu anu mmene zinkakhalira. Lembani kuti kazenera aka kasatsekedwe. Za ine adzandifunsa Mulungu, osati Lusaka."

Anandiyang'anabe kanthawi. Kenaka anatsikira yekha m'ngalande, nsapato zake zabwino zikulowa m'matope, anawerama, analowetsa dzanja.  Atadzuka anayeza kazenerako m'litali ndi m'lifupi, anakajambula kunja ndi mkati, ndi pokumbika paja pansi. Sanalonjeze kanthu. Anati zonse zikagamulidwa ku ofesi.

Tinadikira miyezi yambiri, mvula inabwera n'kupita. Wapampando analeka kundiitana ku misonkhano. Kutchalitchi ena ankati ndinanyozetsa tauni pamaso pa mlendo, ena ankati ndinkafuna kutchuka ndi machimo anga.  Ndinkangodutsa m'kanjira kaja kawirikawiri kuona ngati wina wabweretsanso njerwa.

Pamapeto pake yankho linabwera. Nyumba zina anazikana, koma butchala anaivomereza, yonse, mmene ilili, ndipo analamula kuti pasatsekedwe kapena kubooledwa paliponse popanda chilolezo. Komiti yomwe ija inagwira ntchito yopala laimu ndi maburashi a waya, ndipo sanathe yense. Mpaka lero khomalo lili ndi mawanga ngati nkhanga.

Chikwangwani anachikhoma kumaso, pafupi ndi chitseko. Ndinachiwerenga pang'onopang'ono, ndi chala, monga ndimawerengera. Chimanena za ukale wa nyumbayo ndi mamangidwe a khonde lake. Za kazenera palibe ngakhale liwu limodzi. Ndinapita kwa wapampando kukafunsa, ndipo anati mawuwo anachokera ku Lusaka, iye sanakhudzepo. Mwina n'zoona. Ndinamuuza kuti palibe kanthu, chitsulo chikhale chete ngati chikufuna. Chibowo chili pomwepo, ndipo tsopano wochitseka ndi amene adzaone apolisi, osati ine.

Loweruka lina ndikuchokera kumsika ndinaona aphunzitsi akulowa m'kanjira kaja, kamene kale ankakazungulira. Anali ndi adzukulu awo, atavala bwino ngati akupita ku ukwati. Ndinaima tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo. Anawatsitsira m'ngalande mmodzimmodzi, aliyense kuwerama, kulowetsa dzanja. Wamkulu, mnyamata wa ku sekondale, ankakana, akuopa kudetsa nsapato. Anamugwira pakhosi n'kumuweramitsa.

Potuluka anandiona. Anaima pang'ono, adzukulu akuwakoka dzanja. Sanandipatse moni, ndipo ine sindinaupemphe. Anawoloka msewu cha kumtunda, n'kupita ku positi kudzera njira yachidule.